Njala Silemba Buku

Munthu wa m'komboni akachuka, pali mau amene timakonda kukamba. Akhale woimba, wosewera mpira kapena wolemba mabuku, timati: "Uja mavuto ndiye anamupanga." Iye mwini akafunsidwa pa wailesi amabwereza zomwezo. Amayamika njala imene anagona nayo ndi nsapato zong'ambika zimene anapita nazo ku sukulu, ati popanda zimenezo sakanafika pamene ali. Ife omvera timagwedeza mitu. Mauwa amatitonthoza, makamaka amene tikali kugona anthu asanu ndi awiri m'cipinda cimodzi, cifukwa amatilonjeza kuti kuvutika kwathu kuli ndi malipiro ake kutsogolo.

Funso langa ndi ili: kodi n'zoona kuti mavuto a paubwana ndiye amabala mlembi? Ndipo ngati muli coona m'menemo, kodi mlembi ayenera kuwayamika? Funsoli likhudza ambiri a inu amene muwerenga nkhani ino pa foni ku Kanyama, ku Chawama, ku Mtendere, ku Chipulukusu kapena ku Navutika. Ena mwa inu muganiza kuti popeza munakula movutika, buku lili kale m'mimba mwanu, lingoyembekeza tsiku lotuluka. Ena munakula mukudya katatu pa tsiku, atate ndi amai ali pamodzi, ndipo mumacita manyazi, mumati mulibe colemba. Magulu onse awiri anyengedwa ndi mau omwewo.

Tiyambe ndi mlembi amene amaoneka ngati umboni wosatsutsika. Dambudzo Marechera anabadwa mu 1952 ku Vengere, komboni ya anthu akuda m'tauni ya Rusape, m'dziko limene tsopano ndi Zimbabwe. Atate ake anali kusewenza kosungira mitembo, amai ake anali kusewenza m'nyumba za azungu. Mu 1966 atate ake anagundidwa ndi motoka n'kumwalira, ndipo pambuyo pake banja linacotsedwa m'nyumba imene linali kukhala. Mnyamatayo anakula ali wacibwibwi, akuona ndeu, mowa ndi nkhanza za boma la atsamunda tsiku ndi tsiku. Mu 1978 anatulutsa buku lochedwa The House of Hunger, kutanthauza nyumba ya njala, ndipo caka cotsatira linapata mphoto ya Guardian Fiction Prize ku Britain. Amene analiwerenga amadziwa kuti komboni ili pa tsamba lililonse: fungo lake, mantha ake, mkwiyo wake. Apa wina angati mlandu watha, njala yalemba buku.

Koma tiyeni tiwerenge mitu ya anthu. M'banja la Marechera munali ana 9. Ku Vengere kunali ana osawerengeka amene anagona ndi njala yomweyo n'kukula ndi mantha omwewo. Njala ikanakhala mphunzitsi wa zolemba, tauni ya Rusape ikanadzaza ndi alembi. Cimene cinasiyanitsa Dambudzo ndi anzake tingacichule. Anali kutola mabuku ndi magazini amene azungu a ku mayadi anataya pa dzala, n'kumawawerenga. Kenako anapeza malo pa sukulu ya mishoni ya St Augustine's ku Penhalonga, kumene kunali aphunzitsi ndi mabuku osatola pa dzala. Kucokera kumeneko anafika ku yunivesite ku Salisbury, pambuyo pake ku Oxford. Njala inamupatsa nkhani. Mau okambira nkhaniyo anawatenga m'mabuku ndi kwa aphunzitsi.

Tisabisenso zimene njalayo inatenga. Ku Oxford anacotsedwa mu 1976 asanatsirize maphunziro. Atabwerera kwao mu 1982, mlembi wochuka uja nthawi zina anali kugona pa mabenchi m'paki ku Harare. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 35, atatulutsa mabuku atatu cabe. Zilonda za ku Vengere sizinapole tsiku limene mphoto inabwera. Aliyense wokamba kuti mavuto anamupanga ayenera kuvomerezanso kuti mavuto omwewo anamutsatira kulikonse kumene anapita, ndipo sanamusiye apume.

Muli cinyengo m'kawerengedwe kathu. Dzungu likamera pa dzala n'kubala, odutsa amati dzala lili ndi nthaka yabwino. Palibe amene amafunsa za nthanga zina zonse zimene zinatayidwa pamalo omwewo, zina n'kuola, zina n'kudyedwa ndi makoswe, zina n'kupsa tsiku limene wina anayatsa zinyalala. Timaona amene anapulumuka cifukwa ndiwo amafika pa wailesi. Mu 2019 Mubanga Kalimamukwento anatulutsa The Mourning Bird, nkhani ya Chimuka, mtsikana wa mu Lusaka amene makolo ake anamwalira, iye n'kuthera mu mseu. Ndi buku loyenera kuliwerenga. Koma a Chimuka enieni, aja timawaona pa maloboti akupempha ndalama ndi kugona pansi pa milatho, ali ndi mavuto oculuka kuposa tonsefe, ndipo palibe buku limene akulemba. Ena mwa iwo ngakhale dzina lao sadziwa kulilemba.

Nanga cimacitika n'ciani kuti mmodzi mwa ambiri atenge peni? Mukawerenga mbiri za alembi amene anakula movutika, mudzapeza cinthu cimodzi cikubwerabwera. Pena pake pamakhala munthu amene anatsegula citseko.

Peter Abrahams anabadwa mu 1919 ku Vrededorp, komboni ya mu Johannesburg. Atate ake, amene anali a ku Ethiopia, anamwalira iye akali wamng'ono. Anafika zaka pafupifupi khumi asadziwa kuwerenga, akugulitsa nkhuni ndi kuthandiza osula zitsulo. Tsiku lina mtsikana wa mu ofesi ya pamalo a nchitowo anamuwerengera nkhani ya Othello kucokera m'buku la nkhani za Shakespeare zolembedwera ana. Mnyamatayo anacoka pamenepo ali ndi njala ya mtundu wina, ndipo anayamba sukulu. Mu 1946 anatulutsa Mine Boy, limodzi mwa mabuku oyamba kuuza maiko akunja za moyo wa anthu akuda m'migodi ndi m'makomboni a ku South Africa. Za tsiku lija anafotokoza mu Tell Freedom, buku la 1954. Taonani bwino: umphawi wake tsikulo lisanafike ndi litapita unali umodzimodzi. Catsopano cimene cinalowa m'moyo wake ndi mphindi zocepa za munthu wina akumuwerengera mokweza.

Es'kia Mphahlele nayenso anabadwa mu 1919. Anayamba ndi kuweta ziweto ku mudzi kwa ambuye ake, kenako anabwera ku Marabastad mu Pretoria. Kumeneko nchito yake inali kukatenga zovala zakuda ku mayadi a azungu kuti akazi a m'banja lake acape, n'kukazibweza zitasitidwa. Masiku amenewo mafilimu a ku baisikopo anali opanda mau, zokamba za anthu zinali kulembedwa pa cinsalu. Anzake amene sanali kuwerenga msanga anali kumulipirira polowa kuti iye aziwawerengera. Pofuna kuti asawagwiritse mwala, anayamba kuwerenga pepala lililonse limene anapeza. Anyamata aja, amene anali kungofuna kudziwa cimene mbava ya mu filimu yakamba, ndiwo anali omvera ake oyamba. Anamuphunzitsa kuti mau olembedwa ali ndi mtengo, ndi kuti wodziwa kuwamasula ali ndi udindo kwa anzake. Buku la ubwana wake, Down Second Avenue, linatuluka mu 1959.

Ku America, Maya Angelou anagwiriridwa asanakwanitse zaka khumi, ndipo pambuyo pake anakhala pafupifupi zaka zisanu osafuna kukamba ndi anthu. Nkhanzayo inamulanda mau. Amene anawabweza ndi mai wina wa m'tauni ya Stamps ku Arkansas, amene amachulidwa kuti Mrs. Flowers m'buku lake la 1969, I Know Why the Caged Bird Sings. Maiyo anali kumuitana ku nyumba, kumubwereka mabuku ndi kumulimbikitsa kuti aziwerenga mokweza. Ku Kenya, amai ake a Ngũgĩ wa Thiong'o, a Wanjikũ, sanali kudziwa kuwerenga, koma ndiwo anamutumiza ku sukulu, ndipo anapangana naye kuti zivute zitani, asasiye, acite zonse zimene angathe. Citseko cingatsegulidwe ngakhale ndi munthu amene iye mwini sanalowepo.

Tsopano tiyang'ane mbali inayo, ya alembi amene mbiri ya ubwana wao si ya njala. Chinua Achebe anabadwa mu 1930 ku Ogidi m'dziko la Nigeria, m'banja la mphunzitsi wa chalichi. Kwao kunali mabuku ndi nyimbo za mapemphero, koma acibale ena ndi anansi anali kutsatira cipembedzo ca makolo. Mwanayo anali kuzemba kukadya nao cakudya ca pa zikondwerero zao, kufuna kudziwa cimene akulu anali kumuletsera. Cidwi cimeneco ndico cinadzabala Things Fall Apart mu 1958. Wole Soyinka, amene anapata mphoto ya Nobel mu 1986, anali mwana wa hedimasitala ku Abeokuta, ndipo buku la ubwana wake, Aké, ndi lodzaza ndi nthabwala, mafunso ndi kusamva kwa mwana wokondedwa. Kuno kwathu, Namwali Serpell anabadwira mu Lusaka mu 1980, atate ake ali mphunzitsi pa yunivesite ya UNZA, ndipo banja linasamukira ku America iye akali mwana. Mu 2015 anapata mphoto ya Caine Prize, ndipo mu 2019 anatulutsa The Old Drift, buku lalikulu la mbiri ya Zambia kudzera m'mabanja atatu. Onsewa anakula ali pa malire a maiko awiri, chalichi ndi mudzi, sukulu ndi msika, Lusaka ndi America, ndipo anazindikira msanga kuti cimene mbali imodzi imati n'cacibadwa, mbali ina imadabwa naco.

Tikaika magulu awiriwa pamodzi, cimene ubwana umapereka kwa mlembi cioneka poyera. Umapereka khutu ndi diso. Mwana ndi munthu amene akulu amaiwala kuti alipo, conco amamva zonse. Amatumidwa kukagula ka pamela pa kantemba, n'kumva mwini kantemba akukana nkhongole kwa amai a pa neba ndi mau aulemu obaya kuposa cipongwe. Amagona kuseri kwa katani, n'kumva atate ndi amai akunong'onezana za ndalama ya lendi. Amaima ndi cigubu pa mzere wa pa pompi, pamene nkhani zonse za komboni zimaphikidwa. Pa maliro amaona amene akulira ndi mtima wonse, ndi amene akulira maso ali pa firiji. Sadziwa tanthauzo la zonsezi, ndiye cifukwa cake sazitaya. Cimene mwana wamvetsa amaciiwala msanga. Cimene cinamuzunguza mutu amayenda naco mpaka ukulu, akucitembenuza uku ndi uku, ndipo pamenepo m'pamene pamamera nkhani. Mwana wa hedimasitala nayenso ali ndi zake zomuzunguza: cifukwa ciani wanchito wa pa nyumba amadyera panja, cifukwa ciani atate amasintha mau akamakamba ndi abwana ao.

Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana onse amaona, koma si onse amene amaima kuyembekeza nkhono kuti itulutse maso. Mlembi ndi mwana uja amene anaima, ndipo atakula sanaleke.

Khutu limeneli lili ndi mwai waukulu m'makomboni athu. Mwana wa ku Matero amamva Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cinsenga ndi Cizungu asanafike pa geti ya sukulu. Amamva kondakitala akuseweretsa mau poitana anthu, mlaliki wa mu basi akukweza ndi kutsitsa liu, amai a ku msika wa Soweto akunyengerera kasitomala mpaka agule kapenta amene sanabwerere. Iyi ndi sukulu ya cilankhulo yosalipira. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 mabanja anali kuzungulira wailesi kumvetsera a Julius Chongo pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo. Munthu mmodzi yekha anali kusintha mau, kukhala nkhalamba, mwana, mfumu ndi mkazi wolongolola mu nkhani imodzi, ndipo Cinyanja cake cinali codzaza ndi mau aja ojambula phokoso ndi kayendedwe ka cinthu, moti womvera anali kuona ndi makutu. Pambuyo pake Ernst Wendland anasonkhanitsa zina mwa nkhanizo n'kuziika m'buku. Luso lotero limabwera ndi zaka zambiri zochera khutu ku makambidwe a anthu. Wokhuta ndi wanjala onse angaliphunzire, ndipo onse angaliphonye.

Wina angatsutse, ndipo ali ndi mfundo. Angati ululu umapereka cinthu cimene mtendere supereka, ndico cifukwa colembera. Mu 1955 Ngũgĩ anabwerera ku holide kucokera ku sukulu ya Alliance n'kupeza mudzi wao kulibe. Boma la atsamunda linali litaugwetsa n'kusamutsira anthu ku mudzi wina wolondedwa, pa nthawi ya nkhondo ya Mau Mau. Mkulu wake anali m'nkhalango ndi omenyera ufulu. Cithunzi ca munthu wobwerera kwao n'kupeza kwasanduka kwina cimabwerabwera m'zolemba zake, ndipo nkhondoyo ndiyo msana wa Weep Not, Child, buku lake la 1964. N'zoona, cilonda cimafunsa funso limene mwini wake sangalithawe. Amene anaona amai ake akuthamangitsidwa m'nyumba safunika kusakasaka mutu wa nkhani.

Koma kugwiritsa nchito cinthu ndi kuciyamika n'zosiyana. Mvula ikagwetsa cipupa ca nyumba ku Kanyama, mwini wake amatola njerwa zimene zatsala n'kumanganso, ndipo nthawi zina nyumba yatsopano imalimba kuposa yakale. Ulemu ndi wa womangayo. Mvula ilibe gawo m'menemo, inabwera kudzagwetsa. Ngũgĩ yemweyo analemba buku lake loyamba la nthano yaitali m'Cigikuyu pa mapepala a ku cimbudzi, ali m'ndende ya Kamiti mu 1978. Kodi pali amene angati tiyamike ndende, kapena tipemphe boma limange alembi ambiri kuti mabuku aculuke? Timayamika munthu amene anakana kuti ndende imutseke pakamwa.

Apa m'pamene funsoli likhudza cilungamo. Tikamati mavuto amapanga munthu, timakhululukira amene anawabweretsa asanapepese n'komwe. Atate amene anamwera malipiro onse ku shabini amasanduka aphunzitsi a kupirira. Acibale amene anasesa katundu yense pa maliro, ngakhale kuti lamulo la 1989 linaika gawo la mkazi wamasiye ndi ana, amasanduka anthu amene anakankhira mwana wamasiye ku ulemerero. Akuluakulu amene amalola komboni yonse kukhala yopanda laibulale angapume bwino, cifukwa waluso weniweni adzatuluka yekha monga dzungu la pa dzala. Ndipo mwana amene akuvutika lero timamuuza kuti alimbe mtima, tsiku lina adzalemba buku, m'malo momufunsa ngati wadya. Dzifunseni: ndani wa ife angasankhire mwana wake ubwana wa Marechera kuti adzapate mphoto ku London? Ngati palibe, ndiye kuti mumtima timadziwa kale coona, pakamwa pokha ndiye pamakamba zina.

Pali msampha winanso wochera mlembi mwini. Akakhulupirira kuti mavuto ndiye cuma cake cokha, amayamba kuwagulitsa. Mu 2005 Binyavanga Wainaina wa ku Kenya analemba nkhani yoseka mocenjera, How to Write About Africa, m'magazini ya Granta, akunyodola alembi amene Africa wao ndi njala, nkhondo ndi ana opanda zovala cabe. Matenda amenewo amagwiranso ife a m'komboni tikaona kuti misozi ndiyo imagulidwa msanga. Timayamba kucotsa m'nkhani zathu zonse zimene sizibweretsa cisoni: mpira wa cimpombwa mpaka dzuwa kulowa, cilimba ca amai cimene cinalipira yunifomu, kwaya ya Loweruka masana, kuseka kwa pa mbaula malaiti atapita. Komboni yopanda zimenezi ndi bodza, ngakhale ciliconse colembedwamo cikhale coona.

Kumbukiraninso kuti ubwana wanu suli wanu nokha. Muli amai anu, atate anu, azakhali, a neba, ndipo iwo sanapemphe kulowa m'buku. Ngati atate anali kumenya, lembani, cifukwa kubisa nkhanza ndi kuiteteza. Koma munthu amene mwamuika pa pepala muyenera kumuika wathunthu. Amai amene anakukalipirani cifukwa ca mafuta a nyale ndiwo omwe anadzuka usiku kukaoda tomato kuti mudye. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo, anatero akale. Mwambiwu sukuti mubise mwendo wocepawo. Ukuti poona mwendo musaiwale munthu. Mphahlele analemba za ambuye ake ndi azakhali ake ndi ukali wao wonse, koma wowerenga amatseka buku akuwalemekeza, cifukwa mlembi anaonetsanso msana umene unanyamula banja.

Conco kwa inu amene munakula movutika, nkhani muli nayo, ndipo palibe angakulandeni. Koma nkhani yokha si buku. Pafunika kuwerenga kwambiri, kulemba tsiku ndi tsiku ngakhale m'kope la masamu lotsala masamba, kufufuta ndi kulembanso, kupatsa mnzanu awerenge n'kupirira akakuuzani kuti pakati mpotopetsa. Mavuto sadzakucitirani nchito imeneyi. Kwa inu amene munakula bwino, lekani kupepesa ndiponso lekani kubwereka misozi ya anzanu. Bwererani ku cinthu cija cimene cinakuzunguzani muli ndi zaka zisanu ndi zitatu, cimene mpaka lero simunacimvetse, muyambire pamenepo. Ndipo nonse lembani m'cilankhulo cimene khutu lanu linakulira. Ngati amai a pa kantemba anakamba mu Cinyanja ca mu tauni, asiyeni akambe momwemo pa pepala.

Ngati pali woyenera kuyamikidwa m'mbiri zonsezi, ndi mtsikana wa mu ofesi uja, anyamata a ku baisikopo, Mrs. Flowers ndi amai osadziwa kuwerenga a ku Limuru. Palibe mmodzi wa iwo amene anadziwa kuti akulera mlembi. Anangopereka cimene anali naco kwa mwana amene anali pafupi. Bungwe la Lubuto linatsegula laibulale yake yoyamba mu 2007 pa Fountain of Hope ku Kamwala, malo osamalira ana a mu mseu, ndipo ina inatsegulidwa ku Garden mu 2010. Zimenezi ndi zitseko, koma n'zocepa poyerekeza ndi ana amene aima panja. Zitseko zambiri zidzakhala anthu wamba: mlongo wamkulu, mphunzitsi wa Sande sukulu, mnyamata wometa tsitsi amene amasunga manyuzipepala akale.

Inu amene mwafika pa mzere uno muli nazo kale zinthu ziwiri zimene Peter Abrahams analibe ali ndi zaka zisanu ndi zinai: mudziwa kuwerenga, ndipo muli ndi cowerenga m'manja. Pa yadi panu pali mwana amene amakonda kuima pafupi akulu akamaceza, uja amamuthamangitsa kuti ali ndi makutu aatali. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Madzulo ano malaiti akapita, muitaneni, mufunseni ngati wadya, kenako muwerengereni nkhani imodzi mokweza mpaka kumapeto.